Mwendo Wachinayi wa Tebulo la a Chidindo

Pakhonde la kuseri kwa nyumba ya lendi, pomwe mwini nyumba anawalola monyinyirika kuti aziunjikapo matabwa, ndi pomwe a Sikweya ankagwirira ntchito yawo ya ukalipentala. Dzinali silinali lobadwa nalo. Anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa bamboyu sankalola mpando, chitseko kapena kabati kuchoka pakhondepo asanaikepo sikweya, kachitsulo kaja kopimira ngati ngodya yawongoka. Akapeza kuti papendama ngakhale pang'ono, ankagumula n'kuyambiranso, mwini katundu ali chiimire. Akazi awo ankanena kuti azamba akanalola, bamboyu akanapimanso ana tsiku lobadwa.

Khondelo linali laling'ono, ndipo mvula ikabwera ndi mphepo matabwa ankanyowa n'kupindika. N'chifukwa chake banjali linadzimana kwa zaka zambiri mpaka linapeza poloti kukhonsolo ya mzinda. Pakalata ya polotiyo panali mawu amene a Sikweya anawaloweza ngati pemphero: mwini wake ayambe kumanga zisanathe zaka ziwiri, apo ayi khonsolo idzalanda malowo n'kupatsa wina. Koma munthu sungakumbe maziko popanda chilolezo chomangira. Choncho anajambulitsa pulani ya shedi yopaliramo matabwa kutsogolo ndi zipinda ziwiri kumbuyo, anaiika mufayilo, n'kukapereka kuofesi. Mayi wolandira makalata anadindapo tsiku. A Sikweya anabwerera kunyumba akuimba likhweru, osadziwa kuti nyimboyo aiyamba msanga.

Chaka chinatha. Miyezi ina khumi inatsatira. Chilolezo osatuluka.

Mafayilo onse opempha kumanga ankathera m'chipinda chakumapeto, kwa mkulu wina amene anthu apabenchi ankamutchula kuti a Chidindo. Anali munthu wosalala nkhope, wolankhula motsitsa, wa nsapato zowala ngati sayenda pansi. Tebulo lake linali lalikulu, loyalidwa nsalu yobiriwira yofika pansi, ndipo chidindo ankachisunga m'thumba la jekete ngati kuti anabadwa nacho. Kunja kwa chitseko chake kunali mabenchi awiri, ndipo anthu ankakhalapo kuyambira m'mawa mpaka msana kuuma, aliyense atafumbata kalisiti kake.

Patatsala miyezi iwiri kuti zaka ziwiri zikwane, a Sikweya analowa m'chipindamo kachikhumi ndi chisanu ndi chiwiri.

"Bwana, ndabweranso. Ndi nkhani ya chilolezo ija."

"Fayilo yanu siikuoneka, bambo," anatero a Chidindo, maso ali pa foni.

"Mwezi watha munati ili kwa oyendera malo. Kwa oyendera malo akuti ili kuno."

A Chidindo anaika foni pansi n'kumwetulira ngati munthu wachifundo. "Mafayilo muno ali ngati anthu, bambo. Ena amayenda, ena amagona. Oyenda ndi amene adyako kanthu. Paja munati ndinu kalipentala?"

"Eya, bwana."

"Ndiye nkhani yanu ndi yosavuta. Ine sindine munthu wokakamira ndalama ngati anzanga ena. Ndikumanga kanyumba kwinakwake, ndipo kakusowa zitseko zisanu ndi chimodzi. Zitsekozo zikatseguka, muona fayilo yanu ikudzuka yokha."

"Zitseko ndimagulitsa, bwana. Mukafuna ndikuuzani mtengo wake."

"Simunandimvetse, akulu."

"Ndakumvani bwino lomwe. Makutu anga ndi abwinobwino, amangosunga pensulo basi."

Kumwetulira kuja kunazima ngati nyali yothera mafuta. "Ndiye bweraninso mawa," anatero a Chidindo. "Wina alowe!"

Madzulo a tsikulo mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, anabwera pakhonde. Anali chimunthu chamapewa, woyendetsa lole yonyamula mchenga, ndipo za m'maofesi ankati amazidziwa ngati chikhatho chake. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka kutsamira mulu wa matabwa.

"Alamu, inu ndiye mwagwa m'mbale osadziwa! Ena amawatchulira ndalama, inu akungofuna zitseko? Mbuzi imadya pomwe aimangirira. Apatseni munthuyo adye. Matabwa ndikuthandizani kunyamula, ulere."

"Sindipereka."

"Mutaya poloti chifukwa cha zitseko?"

"Ndikapereka zitseko lero, wodzayendera maziko adzafuna mawindo. Wodzaona denga adzafuna bedi. Ndidzakhala ndikupalira khonsolo yonse matabwa kuti ndigone m'nyumba yangayanga? Pulani yanga ilibe chilema. Zolipira zonse zovomerezeka ndinalipira. Chitseko changa sichilowa m'nyumba ya wakuba."

Akazi awo, amene nthawi yonseyi anali akuanula zovala pachingwe, anaponya beseni pansi. "Ndiye ana tidzawasiyira chiyani, bambo? Sikweya? Zaka zonsezi ndavala nsapato imodzi kuti tipeze malo amenewa. Inu mukufuna kuwongola dziko lonse, ine ndikungofuna pogona pomwe mwini nyumba sadzandiwerengera alendo!"

Mawuwa anawalasa a Sikweya, chifukwa anali oona. Kunena zoona bamboyu anali ndi mantha. Poloti ikanapita, sakanapezanso ina, ndipo akanayenera kuyang'ana nkhope ya mayiyu moyo wake wonse. Koma anali munthu woti akati ayi, ngakhale mwini wakeyo sangathe kudzibweza. Anatola chopalira n'kuyamba kupala thabwa lomwe linali losalala kale.

Anapitiriza kupita kuofesi, Lolemba lililonse ndi Lachinayi lililonse, n'kumabwerako ndi mawa yemweyo. Koma kalipentala akakhala m'chipinda maso ake sakhala pa munthu, amakhala pa mipando. Kuyambira kale a Sikweya ankaona kuti tebulo la a Chidindo lili ndi vuto. Cholembera chikaikidwa pakati, chinkagudubuzika chokha kulowera ngodya ya kumanja. Tsiku lina ankapeza tebulolo lakwera mbali imeneyo, patapita milungu lapendamanso. Mtengo sumachita zimenezo, ndipo nkhaniyi inkawasautsa mumtima ngati kamwala mu nsapato.

Lachinayi lina, patatsala masiku khumi ndi awiri, akudzuka pampando atauzidwanso kuti abwere mawa, pensulo inagwa kuchokera kukhutu kwawo n'kugudubuzikira kunsi kwa nsalu yobiriwira ija. Anagwada, anakweza nsaluyo pang'ono, ndipo anaona.

Tebulolo linali ndi miyendo itatu. Pomwe panayenera kukhala mwendo wachinayi panali mulu wa mafayilo, osanjikizana kuchokera pansi mpaka kukagunda thabwa la pamwamba. Ndipo yachitatu kuchokera pamwamba inali ndi chidindo chomwe a Sikweya sakanachisokoneza ndi china chilichonse: chala chawo chachikulu, chomwe anagwira nacho fayiloyo chili ndi vanishi tsiku lomwe ankapita kukaipereka.

Apa ndi pomwe panagona kupusa kwa a Chidindo. Mwendowo unathyoka zaka zinayi m'mbuyomo, anthu akusuntha tebulo. M'malo moitana wokonza, mkuluyu anaona kuti wapeza malo abwino osungirako mafayilo a anthu ouma manja. M'kabati wina angawapeze, kuwataya kungabweretse mafunso, koma ndani angakweze nsalu ya bwana? Ndipo popeza mapepala amaphwa akapsinjika, tebulo likapendama ankangotenga fayilo ya wokana wina n'kuilowetsa pamwamba. Zigongono zake zinkatsamira pa nyumba za anthu tsiku ndi tsiku, iye akumwa tiyi.

Magazi anawira m'mutu mwa a Sikweya. Dzanja linafuna kusolola fayiloyo pomwepo, koma nzeru zinawagwira pamkono: m'chipindamo munalibe mboni, ndipo mlonda akanangoitanidwa kuti agwire wakuba mapepala a boma. Choncho anagwira mtima. Anatenga pensulo ija n'kuyeza nayo mwendo wathunthu womwe unali pafupi: mapensulo anayi ndi zala ziwiri.

"Mwataya chiyani kumeneko?" anafunsa a Chidindo mwaukali.

"Ndapeza, bwana," anatero a Sikweya akudzuka. "Ndaganiza bwino. Lolemba ndikubweretserani kanthu."

"Eya! Mwayamba kulankhula ngati munthu wamkulu tsopano."

Masiku awiri otsatira anawathera pa mtengo umodzi wolimba womwe ankasungira ntchito yapadera. Anaudula, anaupala, anausema mofanana ndi miyendo itatu ya tebulo ija, n'kuupaka vanishi kawiri. Akazi awo ataona anafunsa kuti tebulo la mwendo umodzi ndi la ndani. Bamboyo anawafotokozera zonse, osabisa kanthu. Mayiyo anafunsa:

"Mwati fayilo yathu akuipondetsa tebulo?"

"Yachitatu kuchokera pamwamba."

"Ine ndikuyenda ndi nsapato yobooka, iye akumwera tiyi pamwamba pa nyumba yanga?" Anamanga nsalu yawo m'chiuno mwamphamvu. "Ngati mukukachita misala, bambo, simupita nokha. Misala imeneyo ndi ya banja."

Lolemba m'mawa mabenchi anali odzaza, ena ataimirira motsamira khoma. A Sikweya anafika atanyamula chinthu chokulungidwa m'thumba, chikwama cha zida chili paphewa, akazi awo ali pambuyo. Mlamu uja anabwera nawo mosangalala, poganiza kuti akuperekeza chiphuphu, ndipo njira yonse ankawayamikira kuti tsopano akula. Mlonda ataona thumbalo sanafunse zambiri. Katundu wa bwana ankamudziwa, ndipo anawalowetsa mosadikira mzere, anthu apabenchi akung'ung'udza.

"Tsekani chitseko, mayi," anatero a Chidindo.

"Muno mukutentha, bwana," anayankha mayiyo, n'kuima pakhomo atatsamira chitsekocho ndi msana, chili chitsegukire.

A Sikweya anamasula thumba n'kutulutsa mwendo wonyezimira. Asanafunsidwe kanthu anagwira nsalu yobiriwira n'kuipindira pamwamba pa tebulo, ngati mmene amavundukulira katundu pamsika.

"Alamu, nyamulani ngodya iyi."

Mlamuyo anayang'ana mulu wa mafayilo, anayang'ana a Chidindo, anayang'ananso mlongo wake pakhomo. Nkhope ya mlongoyo inamuuza kuti akakana asadzapondenso pakhomo pawo. Anapinda malaya, n'kukweza tebulolo ngati akukweza mwana. Makapu ndi zolembera zinatsetserekera pamiyendo ya bwana.

"Mukutani? Mlonda! Mlonda!" anakuwa a Chidindo.

"Ndikukonza katundu wa ofesi, bwana," anatero a Sikweya mokweza, kuti apabenchi amve. "Tebuloli lakhala likudwala zaka zambiri. Anthuni, bwerani mudzaone chomwe chimaligwiriziza!"

Anthu amene akhala pabenchi miyezi sachedwa kudzuka. Mlonda pofika anapeza khomo ladzaza mitu, ndipo njira yolowera inali itatsekedwa ndi mapewa a anthu okwiya. A Sikweya anakoka muluwo n'kuuika poyera. Anatenga fayilo yapamwamba n'kuwerenga dzina mokweza.

"Ndine!" anakuwa mayi wina wogulitsa nsalu, akudzipanikiza kuti alowe. "Anandiuza kuti inapita kulikulu!"

Anawerenga lachiwiri. Bambo wina wa imvi anangokweza kalisiti kake m'mwamba. Yachitatu, ya chala cha vanishi, a Sikweya anaipereka kwa akazi awo, ndipo mayiyo anaikumbatira pachifuwa. Anapitiriza kuitana maina. Ena eni ake analipo, ena ankadziwika ndi anzawo apabenchi, ndipo dzina lililonse linkalandiridwa ndi mkuwo. Mafoni anali m'mwamba. A Chidindo anali ataima pakona, tiyi akudontha pa buluku, akubwereza mawu amodzimodzi: "Ndi tebulo chabe linathyoka. Ndinangogwiriziza."

Fayilo yomaliza inakana kuchoka. Inali itamatirira pasimenti chifukwa cha madzi okolopera a zaka zinayi. A Sikweya anaitokosa pang'onopang'ono ndi tchizulo mpaka inamatuka. Chikuto chake chinali chakuda, chonunkha nkhungu, m'mbali mwake mutadyeka. Koma atatsegula, tsiku lomwe mayi wolandira makalata anadinda linali kuonekabe, pamodzi ndi dzina. Analiwerenga. Palibe anayankha. Analiwerenganso.

"Musavutike, bambo," anatero mayi wokolopa muofesimo, amene anali ataima kumbuyo ndi ndowa yake. "Amenewo anali aphunzitsi opuma ntchito. Ankabwera Lachiwiri lililonse ndi ambulera yakuda, ankandipatsa moni ngati mwana wawo. Anamwalira chaka chatha, akusungidwa kwa mwana wawo wamkazi. Ine ndakhala ndikukolopa mozungulira mapepala awo osadziwa." Mawu ake anathera m'misozi.

Kenaka mmisiri wina womanga nyumba, amene anabwera kudzatsatira fayilo ya kasitomala wake, anapempha kuti aone nambala ya polotiyo. Ataiona anavula chipewa.

"Malo awa ndikuwadziwa. Khonsolo inalanda, ati mwini wake analephera kumanga. Pano pali nyumba zitatu za lendi. Ndinamanga ndine ndi manja angawa." Analoza pakona. "Amene ankabwera kudzayendera ntchito ndi akazi a bwanawa. Nyumba yachitatuyo ilibe zitseko mpaka lero."

"Zisanu ndi chimodzi," anatero a Sikweya motsitsa.

Mlamu uja, amene anali atanyamulabe tebulo, anatukwana mawu omwe sitingawalembe pano.

Phokoso linakafika kumtunda, ndipo mkulu wa nthambi yonse anatsika akumanga batani la jekete. Anaona mafayilo, anaona mafoni, n'kuyamba kulankhula mofewa. "Makolo anga, tiyeni tidekhe. Bambo kalipentala, tiyeni tikakambirane kuofesi kwanga, awiriwiri."

"Awiriwiri ndi momwe zinthuzi zinaolera, bwana," anatero akazi a Sikweya, fayilo ili pachifuwa. "Tikambirane pompano, chitseko chili chotsegula. Ife tatsala ndi masiku asanu ndi atatu."

"Pompano!" anavomereza anthu.

Sindikunena kuti mkuluyo anali woyera ngati thonje. Munthu sukhala zaka zinayi pamwamba pa dzala osamva fungo. Koma anali wodziwa kuwerenga nyengo, ndipo anaona kuti akateteza mnzakeyo mvula imunyowetsa nayenso. Anatambasula dzanja, ndipo a Chidindo anapisa m'thumba la jekete n'kupereka chidindo chija. Atachipereka anaoneka wamng'ono, ngati jekete lamukulira. Mkuluyo analamula kuti maina onse alembedwe pamaso pa eni ake, ndi kuti pulani iliyonse iunikidwe sabata yomweyo.

A Sikweya sanachoke ntchito isanathe. Anagwada, anapaka guluu, analowetsa mwendo watsopano m'malo mwake, n'kuumanga ndi zomangira zinayi. Mlamu anatsitsa tebulo akupuma ngati ng'ombe. Kalipentalayo anatulutsa sikweya, anaika pangodya, kenaka anaika pensulo pakati pa tebulo. Pensuloyo inakhala phee.

"Lawongoka," anatero. "Mwendowu ndi waulere. Ndapatsa ofesi, osati munthu. Wodzakhala apa asadzakhalenso ndi chifukwa chogwiriziza ndi nyumba za anthu."

Chilolezo chinatuluka Lachisanu. Pulaniyo inalibe chilema, monga mwini wake ankanenera. Loweruka m'mawa, patatsala masiku atatu okha, banja lonse linali papoloti. A Sikweya anakoka zingwe, mlamu anabwera ndi mchenga akuuza aliyense kuti nzeru yonse ija inali yake, ndipo khasu loyamba anagwetsa ndi mayi, atavala nsapato yawo yobooka ija.

Dzuwa litakwera, panafika mayi wina wachilendo atanyamula pepala lapulasitiki. Mkati mwake munali fayilo yakuda ija, atayiyanika mpaka kuuma. Anati ndi mwana wa aphunzitsi aja. Bambo ake anamwalira akudziimba mlandu kuti analemba molakwika penapake, ndipo mpaka tsiku lomaliza ankafunsa ngati kuofesi kwabwera yankho. Tsopano nkhani inali kupita kukhothi, a Chidindo anali ataimitsidwa ntchito, ndipo pankafunika mboni yonena komwe fayiloyo inapezeka.

"Ndikudziwa kuti zanu zatheka, bambo," anatero mayiyo. "Mukakana sindikudandaulani. Anthu amenewa ali ndi anzawo, ndipo inu mudakali ndi maziko ndi denga zoti adzayendere."

A Sikweya anayang'ana akazi awo. Akazi awowo anatsamira khasu, anapukuta thukuta, n'kunena kuti: "Mukuyang'ana ine chifukwa chiyani? Funsani tsiku, ndikuchapireni malaya."

A Chidindo anawerengera bwino zinthu zambiri. Anadziwa kuti munthu amatopa, kuti nkhalamba imafa, kuti pepala likanyowa limawola. Anaiwala chimodzi chokha. Aphunzitsi aja anagona m'manda, ambulera yawo inathyoka, chikuto cha fayilo yawo chinadyeka ndi madzi okolopera, koma chimene anawachita chinakhala pansi pa tebulo zaka zinayi chili chamoyo, chikudikira pensulo ya kalipentala kuti igwe. Akuluakulu sananame: mlandu suola.